Mabotolo Awiri M'chitenje cha Abiti Juma

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndimakwiyira ndikamva munthu akuuza mnzake kuti, "Mankhwala awa anandithandiza ine, imwa nawenso." Mutu uno ndiye yankho langa. Kulemba ndinayamba ndili Fomu 2, nthawi imene ndinkakhulupirira kuti chovuta chilichonse pa dziko chimatha munthu akangochifotokoza bwinobwino. Lero ndinapuma pa ntchito, imvi zili mbuu, koma kamtsikana kaja sikanafe mwa ine. Kanangophunzira kuti pali zinthu zina zimene umafotokoza bwino, anthu n'kumva ndithu, koma munthu osapulumuka.

1987: Ntchito yoyamba, kufupi ndi Liwonde

Nditamaliza maphunziro a unamwino ananditumiza ku chipatala chaching'ono cha mishoni, kamtunda pang'ono kuchokera pa mlatho wa Liwonde. Ndinafika ndi sutikesi yachitsulo, mayunifolomu awiri ndi mtima wofunitsitsa kuchiza dziko lonse. Bwana wanga woyamba anali sisiteri wachizungu, wamtali, wosaseka wamba, amene tonse tinkangowatcha kuti Amayi. Chichewa ankachidziwa, koma ankachiyankhula ngati akuwerenga m'tchalitchi. Zosowa zinali zambiri. Majakisoni tinkawiritsa m'sefuliya pa mbaula, singano zikabuntha tinkazinola pa mwala, mabandeji tinkachapa n'kuyanika pa waya ngati matewera. Nthenda yaikulu inali malungo, poti udzudzu wa m'mbali mwa Shire suona nyengo, ndipo mankhwala ake masiku amenewo anali kolokwini.

Kolokwini ameneyu ndiye anayamba kundidabwitsa. Anthu awiri ankamwa mapiritsi ofanana, ochokera m'chitini chimodzi. Wina ankachira n'kubwerera ku ntchito zake. Mnzake ankabwera m'mawa mwake akudzikanda thupi lonse, m'manja, kumapazi, m'mutu, ena mpaka kudzikhula ndi chitsononkho kufikira magazi atatuluka. Sindiiwala msodzi wina amene anaima pakhomo pa chipinda chopimira akukhula msana pa chipupa ngati mbuzi.

"Anesi, dzulo lija munandipatsa mankhwala kapena chitedze?"

"Ndi omwe aja ndikupatsa aliyense, bambo."

"Aliyense uti? Mlamu wanga anamwa omwewa, panopa ali m'bwato akuyimba. Ine ndinakulakwirani chiyani?"

Inenso kolokwini ankandiyabwa chimodzimodzi, monga ankayabwira mayi anga ndi achemwali awo, pamene bambo anga ankamwa ngati akumwa madzi. Nditawafunsa Amayi sisiteri aja anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Anthu a kwathu akamwa amenewa, oyabwidwa chotere ndi ochepa. Kuno ndi ambiri. Mankhwala ndi amodzi, mwana wanga, matupi ndi amene amalandira mosiyana. Chifukwa chake sindichidziwa. Ulendo wina bambowa udzawapatse kwinini." Mawu amenewo ndinawasunga, osadziwa kuti adzandipeza kutsogolo, pa nkhani yoopsa kuposa kuyabwa.

1996 mpaka 2006: Balaka

Za zaka izi sindilemba zambiri, mtima sulola. Ndinali nditalowa ntchito ya boma, ndakwatiwa ndi bambo anu, ndipo tinkakhala ku Balaka. Inali nthawi imene Edzi inkakolola anthu ngati chimanga. Aphunzitsi, makalaliki, ogwira ntchito ku njanji, anzanga amene ndinavala nawo yunifolomu, onse ankadutsa m'manja mwanga akuuma ngati nkhuni. Opala matabwa anasiya kukhoma mipando n'kumakhoma mabokosi okhaokha. Tinkapereka panado ndi mawu achitonthozo, basi. Magolovesi akatha tinkavala majumbo m'manja. Bwana wathu wa nthawi imeneyo anali munthu waukali, koma tsiku lina ndinamupeza kuseri kwa wodi akulira, atagwira mpanda, ndipo kuyambira pamenepo ndinasiya kumuda.

Choncho ma ARV atafika, ine ndinawalandira ngati mvula yoyamba. Ndinaona anthu amene tinawataya kale akudzuka, akunenepa, akubwerera ku munda. Ndinafika pokhulupirira kuti piritsi limeneli silingalakwire munthu.

2013: Mbali ya ku Chikweo

Bambo anu atamwalira ndinapempha kuti andisinthe malo, ndipo ananditumiza ku kachipatala ka kumudzi, mbali ya ku Chikweo. Kumeneko munthu amayenda pansi kapena pa njinga. Mvula ikagwa msewu umasanduka phala, galimoto ya mankhwala n'kumabwerera panjira. Mkulu wa pamalopo anali a Chimbalanga, dokotala wothandizira amene anakhalako zaka zambiri yekha, munthu wofatsa, wa maso ofiira ndi kutopa. Tinalipo awiri basi, iwo ndi ine, pa anthu a midzi yosawerengeka.

Chaka chimenecho odwala athu ambiri anali kuwasinthira ku mtundu wina wa ma ARV, piritsi limodzi patsiku, ndipo anatiitanira ku Liwonde kuti tikaphunzire za mankhwalawo. Anatiphunzitsa mayi wina wachitsikana, katswiri wa za mankhwala. Anatichenjeza kuti piritsi limeneli ena limawachititsa chizungulire ndi maloto oipa, koma kwa ambiri zimatha pakapita kanthawi. Kenaka ananena zimene zinandikumbutsa msodzi uja.

"Musamaganize kuti piritsi likafika m'mimba limadziyendera lokha," iye anatero. "M'thupi muli tinthu ting'onoting'ono tonyamula mankhwala, ngati anyamata a kabaza apa depoti. Tina timawatenga m'matumbo kupita nawo m'magazi. Tina timawalowetsa m'chiwindi kuti akaphwanyidwe n'kutuluka. Tina timaima pakhomo la ubongo n'kumawabweza kuti asalowe ochuluka. Kapangidwe ka tinthu timeneti munthu amabadwa nako, amatengera kwa mayi ake ndi bambo ake, monga amatengera msinkhu kapena mpata wa mano. Wina akabaza ake ndi achangu, chiwindi chakenso n'chachangu. Wina zonse zimayenda pang'onopang'ono, ndiye mankhwala amaunjikana m'magazi ngati katundu wosowa womunyamula."

Bambo wina kumbuyo anakweza mkono. "Ndiye mutiuze poyera, akabaza aulesiwo ali kwa Ayao kapena kwa Alomwe?"

Chipinda chonse chinafa ndi phwete. Mayi uja anaseka nawo, kenaka anati, "N'zoona kuti kapangidwe kena kamapezeka kawirikawiri mwa anthu a mtundu wina kuposa unzake. Azungu, Amwenye, ife anthu akuda timasiyana, ndipo ngakhale pakati pa ife tokhatokha kusiyana kulipo. Vuto lina n'lakuti mankhwala ambiri anayamba kuyesedwa pa anthu akutali, osati ife. Koma kuchuluka kwa chinthu m'gulu sikukuuzani za munthu amene wakhala pa benchi panu. Nanga kuno ku Machinga ndani angalumbire kuti agogo ake onse anali mtundu umodzi? Muziyang'ana wodwala, osati mtundu wake."

Ine, mwana wa bambo wa Chilomwe ndi mayi wa Chiyao amene anabatizidwa pokwatiwa, ndinagwedeza mutu. Ndinabwerera ku ntchito ndili wokondwa ngati mwana wa sukulu amene wapeza yankho la samu imene inamuvuta zaka zambiri.

Tsopano ndikuuzeni za Abiti Juma. Pamsika wa kumeneko panali telala wina, Che Amidu, amene ankasoka pakhonde la golosale. Anali ndi akazi awiri. Wamkulu anali Abiti Juma, mayi wochokera ku Nkaya, wa Chilomwe, amene analowa Chisilamu pokwatiwa ndipo anakhala kwa mwamuna wake zaka zambiri wopanda mbale wake aliyense pafupi. Wamng'ono anali Patuma, mtsikana wa m'mudzi momwemo, wozunguliridwa ndi abale ake mbali zonse. Onse atatu anali ndi kachilombo. Che Amidu ankakatenga mankhwala ake kutali chifukwa cha manyazi, koma akazi awiriwa ankabwera kwa ife.

Lamulo la ntchito yathu linali lakuti wodwala aliyense akhale ndi gadiyani, munthu womuyang'anira amene angathe kudzamutengera mankhwala iye akalephera kubwera. Patuma, amene anali atangobereka kumene, anasankha mkazi mnzake. Ndinadabwa, ndipo ndinafunsa kawiri.

"Akuluwa ndi amene anandigwira pobereka," Patuma anatero. "Amayi anga anamwalira. Ndisankhenso yani?"

"Mwana uyu ndi wopusa, anesi," Abiti Juma anawonjezera akuseka. "Mukam'patsa yekha botolo akaliiwala pa chitsime."

Kuyambira pamenepo Abiti Juma ankayenda ulendo wautali uja, n'kulandira mabotolo awiri ofanana, kuwamanga pa nsonga ya chitenje, lina mfundo imodzi, lina mfundo ziwiri, n'kubwerera. Iye mankhwala atsopanowo anamuyanja. Ananenepa, khungu linasalala, ankalima chinangwa ngati mtsikana. Patuma zinamuvuta kuyambira pachiyambi. Ankati nthaka ikupendekeka. Ankalota maliro. Tinamuuza zimene tinaphunzitsidwa, kuti azimwa pokagona, asadye zamafuta nthawi yomwera, apirire zitha. Sizinathe. Anayamba kumva mawu a anthu amene kulibe, kuseka yekha, kuiwala kuti mwana ali kumsana.

A Chimbalanga anaona msanga kuti ndi mankhwala, ndipo anaitanitsa mtundu wina ku boma. Koma inali nyengo ya mvula, mlatho wina unali utakokoloka, ndipo kumeneko anatiyankha kuti nawonso mtundu umenewo watha, tidikire. Tinaganiza zomusiyitsa kaye. Patuma yemwe, pa tsiku limene mutu wake unali bwino, anakana atagwira mwana wake mwamphamvu. "Munandiuza nokha kuti ndikasiya, kachilombo kalowa mwa mwana kudzera m'bere. Mkaka wogula ndiupeza kuti? Bola ndipenge ine." Tinamulola, tikuyembekeza kuti galimoto ifika posachedwa.

Koma mudzi sunadikire galimoto. Anthu anayamba kuwerengera okha. Mwamuna mmodzi, nthenda imodzi, chipatala chimodzi, mabotolo ofanana. Mkazi wamkulu akunenepa, wamng'ono akupenga. Nanga amanyamula mabotolowo ndani, yekhayekha, njira yonse ya m'thengo ija?

Nditamva kuti abale a Patuma aitanitsa bwalo la pabanja, ndinabwereka njinga n'kupita. Ndinapeza anthu atadzaza pakhonde la Che Bwanali, mjomba wake wa Patuma, ndiye kuti mlongo wa malemu mayi ake, amene kumeneko ndiye mwini mbumba. Abiti Juma anali atakhala pansi payekha, miyendo atatambasula. Che Amidu anali chapatali, akuyang'ana zala zake. Ndinapereka moni, ndinapempha mpata, ndipo ndinayankhula ndi mtima wanga wonse.

"Che Bwanali, mabotolo amenewa ndimapereka ndine, ali omata. Mankhwala ndi amodzi. Amayiwa thupi lawo limawanyamula n'kuwatulutsa msanga. La Patuma limachedwa, ndiye amaunjikana n'kukwera kumutu. Palibe wathirapo kanthu. Ndi mmene anabadwira."

"Mmene anabadwira," Che Bwanali anabwereza pang'onopang'ono. "Kutengera kwa yani?"

"Kwa makolo ake."

Anthu anayang'anana. Ndinaganiza kuti akusinkhasinkha, ndiye ndinapitiriza. Ndinafunsa ngati panalipo amene ankayabwidwa ndi kolokwini kale. Mayi wina wachikulire anaseka n'kukweza mkono, mchemwali wake nayenso, ndipo anayamba kukumbutsana mmene ankadzikandira ndi zitsononkho pamene amuna awo ali phee. Mtima wanga unadumpha. Ndinati amva.

"Kuyabwa ndi kuyabwa, anesi," Che Bwanali anadula. "Kuyankhula ndi akufa dzuwa lili pamutu ndi nkhani ina. Mwati makolo ake. Makolo ake ndife. Ndiye mwapalasa njinga ulendo wonsewu kudzatiuza pamaso pa anthu kuti mbumba yanga ili ndi misala m'magazi? Ndili ndi atsikana pano osakwatiwa. Mawu amenewo akafika pamsika, adzawafunsira ndani?"

"Iyayi, si misala. Popanda mankhwala amenewa Patuma ali bwinobwino."

"Akuti magazi a Chilomwe ndi olimba, athu a Chiyao ndi madzi," mayi wina anaponya mawu kumbuyo.

"Iyayi, amayi! Ayao ambirimbiri akumwa omwewa popanda vuto, ndipo alipo Alomwe amene akuchita nawo chizungulire. Inenso mayi anga ndi Myao."

"Nanga bambo anu?" wina anafunsa.

Sindinabise. Nditangotchula, ndinamva anthu akuti "Ehee," ngati mfundo yamasuka. Kwa iwo ndinali nditabwera kudzaikira kumbuyo wa mtundu wanga.

Pamenepo Abiti Juma anadzuka. Analowa m'nyumba mmene munali Patuma, natuluka ndi botolo la Patumayo, natsegula, nameza piritsi limodzi popanda madzi anthu onse akuona. "Ngati ndinathiramo kanthu, kandigwire ine," anatero. "Kuyambira lero ine ndizimwa za m'botolo ili, mwanayu azimwa za m'botolo langa. Ndipenge ine, muone."

Anachitadi zimenezo. Masiku anapita, iye ali bwinobwino, Patuma akuipiraipira. Ine ndinkati umboni waoneka. Mudzi unati, "Njoka sifa ndi ululu wake womwe."

Anthu anasiya kusoketsa kwa Che Amidu. Khonde limene ankasokerapo linali la mbale wa Patuma, munda umene ankadyanso unali wa kuchikazi kwa Patuma. Munthuyo sanali woipa mtima, anali wamantha. Anapereka talaka, ndiye kuti mawu othetsa ukwati, kwa mkazi amene anakhala naye kuyambira ali mnyamata. Abiti Juma anadutsa pa chipatala ndi kamtolo pamutu kudzatenga kalata yosamukira kuti azikalandira mankhwala kwawo. Sanalire. Anangoti, "Mwanayo mumuyang'anire, anesi. Amaiwala kudya."

Sabata yomweyo galimoto inafika, ndipo m'katoni munali mankhwala a Patuma.

Nkhani ya galimoto siibisika kumudzi. Tisanatsegule n'komwe katoniyo bwinobwino, panafika Mariamu, mwana wamkazi wa Abiti Juma, amene anakwatiwa m'mudzi momwemo ndipo anali ndi ana ake ang'onoang'ono. Analowa m'chipinda mmene tinali ine ndi a Chimbalanga, natseka chitseko, nagwada pa simenti.

"Ndapota nanu, musam'patse Patuma mankhwalawo panopa."

"Dzukani, amayi," a Chimbalanga anatero. "Mukuti bwanji?"

"Amayi anga achoka dzana. Patuma akachira sabata ino, anthu ati chiyani? Ati mfiti yachoka, wodwala wadzuka. Basi, zathera pomwepo. Amayi anga afa ndi dzina limenelo, ine ndikhala mwana wa mfiti, ana anga adzukulu a mfiti. Dikirani mwezi umodzi chabe. Anthu aone kuti amayi achoka koma matenda akadalipo. Akaona choncho achita manyazi, tikawatenga amayi abwere, ndiye mum'patse mankhwalawo iwo ali pompano. Sindikuti afe. Ndi mayi anga aang'ono amene aja. Ndikungoti mudikire."

Ana anga, mtsikanayo sankanama. Chilichonse chimene ananena chinali choona, ndipo ine ndinkadziwa. Atatuluka, a Chimbalanga anagwira kumaso.

"Mayi Matola, buku likuti tipereke lero," anatero. "Koma buku silikhala m'mudzi muno. Mwezi umodzi wokha ungathe kubweza mayi uja pa banja lake. Ungathenso kutiphera wodwala. Ine mutu waima. Anthuwa mumawadziwa ndinu. Pitani mukamuone Patuma, chimene mukachite ine ndisayina."

Ndinaika botolo m'chikwama n'kukwera njinga, ndisanadziwe ngati ndikalitulutse. Njira yonse ndinkakambirana ndi mtima wanga. Ndinkaona Abiti Juma akumanga mfundo pa chitenje. Ndinkadziuza kuti Patuma wapirira miyezi, milungu ingapo ingamuchite chiyani? Ndinkadziuzanso kuti ine ndi amene ndinalemba dzina la mayi uja ngati gadiyani, ntchito ya chifundo imene inasanduka mlandu wake.

Patuma ndinam'peza kuseri kwa nyumba, mwendo utamangidwa ndi nsalu ku mtengo wa nkhokwe. Anali atatha, milomo yosweka, maso akuyendayenda. Mayi amene ankamusunga anandinong'oneza kuti dzulo lake masana anam'gwira ataima pamphepete pa chitsime, mwana ali kumsana, akuti malemu mayi ake akumuitana pansipo kuti adzaone mdzukulu. Ndinakhala pansi pambali pake. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandizindikira.

"Anesi, akulu aja ali kuti? Sanabwere ndi botolo langa."

Pamenepo ndinadziwa kuti mwezi umene Mariamu ankapempha sunali wanga kuti ndiupereke. Unali wa Patuma ndi mwana wake, ndipo mwina analibe n'komwe. Ndinatumiza uthenga kuti Che Bwanali ndi Che Amidu abwere. Atafika ndinatulutsa botolo latsopano, ndinathira mapiritsi m'dzanja kuti aone kuti maonekedwe ake ndi ena.

"Taonani bwino, akuluakulu. Ndikumuchotsa pa mankhwala aja, ndikumuika pa awa. Pakapita masiku mutu wake ubwerera. Ndikunena lero, zisanachitike, kuti mudzadziwe chimene chamuchiza. Ndi botolo ili. Si kuchoka kwa munthu ayi."

"Tamva, anesi," Che Bwanali anayankha mwaulemu kwambiri. "Mulungu akudalitseni."

Patuma anachira. Anayamba kudya, kugona, kusamba yekha. Tsiku limene anabwera ku sikelo akuyenda yekha, mwana ali kumsana atanenepa, ndinalowa m'chipinda chosungira mankhwala n'kulira. Mwanayo titamuyeza pambuyo pake anapezeka alibe kachilombo.

Ndipo mudzi unanena ndendende zimene Mariamu ananeneratu. Abale anaphika mpunga kuthokoza kuti choipa chachoka pakhomo. Patuma atamva bwinobwino zimene zinachitika iye ali wosazindikira, anapita kwa mjomba wake akulira, kunena kuti akulu aja sanamulakwire, akawatenge. Anamuyankha kuti, "Iwe unali kudziwa chiyani? Unkayankhula ndi chitsime." Ndinayesanso ine, pa sikelo, pamsika, kwa shehe amene anandimvetsera ndipo anayesa kuwalangiza. Anthu ankavomera ndi pakamwa. Ena ankati, "Inde, mankhwala atsopano anathandiza, koma akanagwira bwanji mwini ufitiyo akanakhala pompo?" Mariamu sanandipatsenso moni. Atakhala ndi pakati pena ankayenda ulendo wotalika kawiri kupita ku chipatala china, kuti asaone nkhope yanga. Ana ake anzawo ankawathawa pa mjigo.

2018: Nkaya

Zaka zanga zomaliza pa ntchito ndinabwerera m'boma la Balaka. Tsiku lina tinapita kukachita sikelo ya kumudzi mbali ya ku Nkaya, ndipo pobwerera tinaima pafupi ndi siteshoni, pamene njanji zimakumana. Amayi ogulitsa malonda anali atandanda kudikira sitima. Pakati pawo ndinaona mayi wina wochepa thupi, waimvi, ali ndi beseni la chinangwa chophika. Ndinam'zindikira ndi kamangidwe ka chitenje. Ndinafuna kubisala, ndikuuzeni zoona. Koma anali atandiona kale.

"Anesi! Mwakalamba bwanji!"

"Nanga inu, amayi, mwatsala mtsikana?"

Anaseka, nandikonzera malo pa chiguduli. Anandiuza kuti amakhala m'kanyumba kuseri kwa mlongo wake. Mbiri ija inam'tsatira mpaka kwawo, moti mwana akadwala m'mudzimo amayi ena amasiya kugula chinangwa chake, n'chifukwa chake amagulitsa kwa apaulendo amene samudziwa. Che Amidu anamwalira, ndipo ku maliro anamutumizira mawu kuti asabwere. Adzukulu ake obadwa pambuyo sanawaonepo. Zonsezi ankanena akuthamangitsa ntchentche pa beseni, ngati akunena za mitengo ya pamsika. Kenaka anafunsa za Patuma, ngati akudya, ngati mwana uja anakula. Ndinati anakula, wayamba kupita ku sukulu ya mkaka.

Ndinalimba mtima. "Amayi, Mariamu anabwera kwa ine nthawi ija. Anandipempha kuti ndidikire."

"Ndikudziwa. Anandiuza yekha, akukutukwanani."

"Ndikanadikira, mwina bwenzi muli pakhomo panu."

Anayang'ana njanji. Kenaka anati, "Mwana uja ndinam'gwira ine pobadwa, anesi. Mukanadikira chifukwa cha ine, iye n'kugwera m'chitsime muja ndi mayi ake, bwenzi anthu aja akunena zoona. Bwenzi nditawaphadi ine. Panopa akunama. Bodza ndimagona nalo tulo."

Sitima inalira chapatali, amayi onse anadzuka ndi mabeseni. Iyenso anasenza lake, nandipatira chinangwa chimodzi m'manja, nathamangira ku mawindo. Sindinamuonenso. Ndinamva chaka chotsatira kuti anamwalira ndi chibayo nthawi yozizira, ndipo anthu a ku maliro ake anali ochepa.

Masiku ano piritsi lija analisintha, odwala ambiri akumwa mtundu wina umene suvuta mutu chotero. Ndimamvanso kuti kunja kuli njira zoyezera magazi a munthu n'kudziwiratu mmene thupi lake linganyamulire mankhwala asanayambe kumwa. Kamtsikana ka Fomu 2 kaja kamakhulupirirabe kuti tsiku lina zimenezi zidzafika ngakhale ku kachipatala kopanda msewu, ndipo namwino sadzafunikanso kuima pakhonde la munthu ndi mawu okhaokha.

Koma ku mudzi uja, mukapita lero n'kufunsa, adzakuuzani kuti Patuma anachira chifukwa mfiti inachoka. Adzakuuzani mwaulemu, ndi mtima woona. Inu ndiye mwamva kwa amene anapereka mabotolowo ndi dzanja lake. Anali omata, anali ofanana, ndipo mayi uja ankawanyamula njira yonse ija, lake mfundo imodzi, la mkazi mnzake mfundo ziwiri kuti lisagwe.